ZA PAKHOMO PATHU: KASUNGIDWE KA MWANA WA GARU



Mwezi uno tifuna kuceza nanu za kanyama kamene ambiri akayesa kopanda pace, ndiko kamwana ka garu. Kapena wina adzati: Kodi nkhani zatha, kuti atilembere za agaru? Iai, sizinathe. Koma ife tinaphunzira ndi misozi kuti khomo loopsa kwa kagaru liri loopsanso kwa mwana wokwawa. Pakuti onse awiri ayenda pansi pamodzimodzi, ndipo onse awiri ayesa cinthu ciri conse ndi pakamwa.

Caka catha, titatha kukolola, ana athu anapempha kagaru kwa amalume ao, nakacha dzina lace Sewerani. Kanali kakuda, ka banga loyera pacifuwa, kosadziwa kukhala cete. Kanatafuna nsapato ya kusukulu, kanang'amba mphasa, kanapitikitsa anapiye kufikira make wa anapiyewo anakajompha pamphuno. Ndipo tonse tinaseka. Masiku omwewo makoswe anacuruka m'nyumba. Tinagula pamsika mankhwala aja onga mcenga wakuda, omangidwa m'kapepala kopanda dzina, amene anthu awacha tameki. Loweruka madzulo tinawasanganiza ndi usipa wosinja, ndi kuwaika m'phale kuseri kwa citseko, tiri kunena kuti tidzacotsa m'mamawa. Kutaca, pofulumira ulendo wa ku Misa, tinaiwala.

Pobwera tinapeza Sewerani ali gone pakhonde, thupi liri njenjenje, dobvu liri kutuluka m'kamwa. Tinayesa mkaka, tinayesa mafuta ophikira, osathandiza kanthu. Dzuwa lisanapendeke anafa. Mwana wathu wina anafunsa, nati: "Atate, kodi Sewerani analakwa ciani?" Tinasowa poyankha. Pomwepo amai a kunyumba analoza kuseri kwa citseko, nati: "Abambo ace, taonani pamene panali phalelo. Si pomwe akwawa mwana uja masiku onse?" Khanda lathu linali la miyezi 9, ndipo tsikulo linapulumuka cifukwa linali kumbuyo kwa amace. Kuyambira pamenepo tinafunsa kwa alangizi a ziweto ndi kwa odziwa, ndipo zimene tinamva ndizo tikupatsiraniko lero.

1. Za msinkhu ndi cakudya

Mwana wa garu abadwa wosaona ndi wosamva; maso ace atseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Ayenera kukhala ndi make kufikira masabata 8. Mkaka woyamba wa make ndiwo umcinjiriza ku matenda masabata oyamba, ndipo posewera ndi abale ace aphunzira kuluma mosapweteka. Iye amene alanda kagaru ka masabata 3 kapena 4, poopa kuti mnzace angamtsogolere, atenga kanyama kofoka, kolira usiku wonse, kosacedwa kudwala.

Kakafika pakhomo, mukapatse phala losanganiza ndi usipa wosinja kapena dzira lophika, katatu kapena kanai pa tsiku, ndi madzi oyera osasowa m'mbale yace. Madeya okha sakwanira kumanga thupi limene liri kukula, ndipo mkaka wa ng'ombe utsegula m'mimba tiagaru tambiri. Kumbukani kuti garu wanjala asanduka wakuba, ndipo wakuba ndiye apeza nyambo ya makoswe. Walira mvula walira matope: wopempha garu wapemphanso nchito ya kumdyetsa.

2. Za mano ndi kutafuna

Kagaru kali ndi mano a ukhanda 28. Pa miyezi 3 kapena 4 ayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amera mano a ukulu 42. Nthawi yonseyi nkhama zinyerenyetsa, cifukwa cace katafuna ciri conse. Si mwano ai, ndi cibadwa. Ndipo ndodo sicotsa cibadwa. Mukapatse cace cotafuna, monga cingwe cacikuru colimba comanga mfundo, ndi kucicotsa cikayamba kusasuka.

Tsono citani ici: gwadani pansi m'nyumba mwanu, muyang'ane monga kayang'ana iko. Mudzaona zimene woimirira saziona: singano, mbedza ya nsomba, batire lakutha, nthambo ya sola kapena yochajira foni, jumbo yonunkhira nyama. Kudzala nako kuli adani. Citsononkho ca cimanga ndi njere ya mango sizigayika m'mimba. Zitseka matumbo, ndipo kagaru kayamba kusanza, kukana cakudya ndi kufoka. Mafupa a nkhuku ophika asweka ngati minga, nalasa kukhosi ndi m'matumbo. Zonsezi zikwiriridwe kapena zitenthedwe.

3. Za mankhwala

Pano ndipo tinagwa ife. Mankhwala a makoswe ofala kwathu kuno ali a mitundu iwiri. Ena, monga tameki, agwira thupi msanga: dobvu, kunjenjemera, kubanika, ndipo imfa ikhoza kudza tsiku lomwelo. Ena, aja opakidwa mtundu wobiriwira kapena wofiira, agwira pang'onopang'ono: aletsa mwazi kuundana, ndipo garu aoneka wamoyo bwino masiku 3 kufikira 5, pamene mwazi uli kutayika m'kati. Pambuyo pace nkhama ziyera, mphamvu zitha, mpweya ubvuta. Mtundu waciwiriwu uli ndi mankhwala ace ocizira, ndiwo vitamini K1, amene dotolo wa ziweto akhoza kupereka mukafika msanga.

Cifukwa cace, mukaona kuti kagaru kadya zotere, musadikire kuti muone ngati kadwala. Nyamukani pomwepo, mutatenga ndi pepala kapena botolo la mankhwalawo, kuti wothandiza adziwe cimene alimbana naco. Mkaka ndi mafuta sizipha mphamvu ya poizoni; ndipo kuthira zinthu m'kamwa mwa nyama yonjenjemera kuitsamwitsa. Khoswe wofa ndi mankhwala mumkwirire m'dzenje lakuya. Koposa zonse, cherani misampha kapena wetani mphaka.

Mankhwala othira m'cimanga cosunga, opopera thonje, tomato ndi nchemberezandonda, feteleza ndi parafini, zonse zikhale pamwamba, m'cotengera cotseka, osati m'botolo la zakumwa. Potsuka copopera musasiye madzi ace ali thaphwi pabwalo. Mankhwala a anthu, monga Panado ndi Brufen, musampatse garu mwa nzeru zanu, pakuti aononga ciwindi, impso ndi cifu cace. Anyezi ndi adyo ziononga mwazi wa garu, cokoleti cisokoneza mtima wace, ndipo masese amledzeretsa koopsa. Alipo ena adyetsa kagaru camba kapena mabvu, ati kakhale kolusa. Kumeneko ndi kuzunza cabe. Garu alonda khomo limene alikonda, ndipo wolusa wosamvera ayamba kuluma ana a mwini wace.

4. Za moto, maenje ndi pogona

M'miyezi yozizira ya June ndi July kagaru kafuna pofunda, nikagona m'phulusa la pamafuwa, m'mene muli makala obisika. Pophika kakhale kutali, pakuti kazungulira m'miyendo mwa wonyamula mphika wa phala lotentha, ndipo apsa onse awiri. Citsime ndi cimbudzi zikhale zobvundikira. Maenje oumbira njerwa, amene adzala madzi m'dzinja, akwiriridwe kapena azingidwe ndi minga. M'mbali mwace ndi moterera, wogwamo satulukamo, kaya ndi garu kaya ndi mwana. Musanayendetse ngolo kapena njinga yamoto, suzumirani pansi pace, pakuti pamenepo ndi pamthunzi pamene kakonda kugona.

Kamangireni kanyumba kace pamalo ouma, pamthunzi, kotseka usiku cifukwa ca afisi, ndi ciguduli coyala pansi. Muzisesamo kawirikawiri ndi kuyanika cigudulico padzuwa, pakuti pali nchenche ina iikira mazira pa dothi loipitsidwa ndi mikodzo, ndipo mphutsi zace zilowa m'khungu la kagaru. Musakamange ndi waya, kapena kukasiya pacingwe padzuwa tsiku lonse. Lamba wa m'khosi mumuyese sabata ndi sabata: zala ziwiri zilowe bwino, popeza khosi likula koma lamba sakula. Pa nkhupakupa ndi utitiri funsani mlangizi mankhwala oyenera msinkhu wace. Dibi wa ng'ombe ndi oilo wa galimoto apha tiagaru. Safunsa anadya phula.

5. Za matenda atatu

Loyamba ndi njoka za m'mimba. Tiagaru tambiri tibadwa nazo, pakuti zicokera kwa make tisanabadwe; mimba itupa, ubweya unyankhalala. Mankhwala ace ayambe pa masabata 2, abwerezedwe masabata 2 ali onse kufikira masabata 12, ndipo pambuyo pace mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6. Mazira a njokazi akhala m'dothi nthawi yaitali, ndipo alowa mwa ana odya dothi kapena odya osasamba m'manja. Cotero zonyansa za garu zicotsedwe pabwalo tsiku ndi tsiku.

Laciwiri ndi nthenda yochedwa parvo, imene inadziwika m'caka ca 1978, nifalikira pa dziko lonse lapansi. Kagaru kasanza, katsegula m'mimba mwa mwazi wonunkha, ndipo kakhoza kufa m'masiku owerengeka. Katemera wace ayamba pa masabata 6 kufikira 8, nabwerezedwa kufikira masabata 16. Kasanatsirize katemera, musakalole kuyendayenda pamene asonkhana agaru acilendo.

Lacitatu, loopsa koposa, ndi ciwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liwerengera kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka, makamaka mu Africa ndi mu Asia. Pafupifupi onsewa acitenga kwa agaru, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, 4 ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka pa munthu, kucira kulibe. Koma njira yopewera iripo kuyambira kale: pa 6 July 1885, ku Paris, Louis Pasteur anayamba kupereka katemera wace kwa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi garu waciwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo tsiku la 28 September ndilo dziko likumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe.

Odziwa anena kuti agaru 70 mwa 100 ali onse akabayidwa katemera, nthendayi isowa podzera. Si maloto ai: m'caka ca 2015, mu mzinda wa Blantyre, a bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi anzao anabaya agaru oposa 35,000 m'masiku 20 a nchito. Katemera wa ciwewe aperekedwa kawirikawiri pa miyezi 3. Koma obaya akafika m'mudzi mwanu, tengani ndi tiana tomwe, ndi kusunga bwino pepala limene akupatsani.

6. Za ana athu

Ana ndiwo abwenzi a kagaru, ndiponso ndiwo alumidwa. Aphunzitseni kusakoka mcira kapena makutu, kusalanda cakudya, kusadzidzimutsa garu wogona, ndi kusagwira garu wacilendo, cinkana akhale kamwana kokongola. Kagaru kakaluma posewera, masewera aleke pomwepo, kapatsidwe cingwe cace. Kakacita bwino, kayamikidwe. Kumenya kuphunzitsa mantha, ndipo garu wamantha ndiye aluma. M'mera mpoyamba.

Ndipo inu atate ndi amai, mverani ici: ana ambiri abisa bala poopa mkwapulo. Auzeni lero lomwe kuti wolumidwa kapena wokandidwa sadzamenyedwa akanena. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15, ndipo mwana apite kucipatala tsiku lomwelo, cinkana bala likhale laling'ono. Garu wolumayo atsekeredwe, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe, kuti amyang'anire masiku 10. Koma ulendo wa kucipatala usadikire masikuwo.

Tsopano pakhomo pathu pali kagaru kena. Ana anakacha Taphunzira. Kanadza katakwanitsa masabata 8, kanalandira katemera, ndipo katha kale nsapato ina. Tameki sanalowenso m'nyumba mwathu. Mankhwala a kumunda ali m'bokosi lokhoma pamwamba pa khoma, ndipo dzenje la njerwa tinalikwirira. Khanda lija liri kuyenda tsopano, ndipo awiriwa atsatana pabwalo ponse. Tikawaona, mtima ugunda pokumbukira phale lija.

Cakudza siciimba ng'oma. Cifukwa cace tikupemphani, abale, kuti madzulo ano, kusanade, mwini nyumba ali yense agwade pansi, ayang'ane kuseri kwa citseko, pansi pa kama ndi kumbuyo kwa nkhokwe, nacotse cimene apezako. Nchito yace siitha ndi ola limodzi lomwe.

Mwezi wa mawa tidzaceza za kusunga cimanga kwa makoswe ndi anankafumbwe popanda kuika banja pangozi. Tsalani bwino.

Ndife wanu,
Katekisti wa kumudzi.