Mpunga wa ku Hara sulowa m'kalasi

Bwana wina anafika pa galimoto ya boma, mawindo atatsekedwa, kudzauza makolo a ku Vinthukutu kuti asadandaule ndi kuleka kwa phala pasukulu pawo. Akuti kuno kulibe njala poti anthu amalima mpunga. Akutinso phala limazolowetsa makolo ulesi. Atatero anakwera galimoto, fumbi kobo, mphika waukulu wa phala n'kutsala wovundikira m'kachipinda kosungiramo makasu.

Mpunga, eti! Wa ku Hara ndi ku Wovwe tonse timaudziwa, ndipo bwanayo amaudziwa kuposa ife, si uja pobwerera amaima pa Uliwa n'kuponya matumba a Kilombero kumbuyo kwa galimoto. Koma mpunga umakololedwa mu Meyi ndi Juni, mavenda n'kuukokolola kupita nawo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndalama yake n'kuthera pa ngongole ya feteleza ndi fizi ya amene ali ku sekondale. Pofika Januwale chotsala m'nyumba ndi chinangwa. Kondowole amakhutitsa, ine sinditsutsa, ndinakulira pomwepo. Koma ndani amaphika kondowole tambala woyamba asanalire? Mwana wa sitandade 2 amanyamuka m'kamwa muli gwa, n'kuyenda mtunda ndi dzuwa la ku Karonga lomwe ena amalionera pawindo.

Mwana wanjala saphunzira. Funsani mphunzitsi aliyense zimene zimachitika ikamakwana 10 koloko: mitu imawerama, wina akuyasamula, wina wapempha kupita kuchimbudzi osabwereranso. Mungamumangire kalasi ya malata, mungamugulire buku latsopano, mimba ikamalira sangamve kuti 7 kuchotsa 4 ndi zingati.

Izi si zachilendo. Dziko lino linathetsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana n'kudzaza m'makalasi, koma ambiri ankalekera panjira. N'chifukwa chake WFP inayamba kuphikira ana phala m'sukulu mu 1999, ndipo Mary's Meals, yomwe inayambira kuno ku Malawi mu 2002, lero imadyetsa ana oposa miliyoni imodzi tsiku lililonse la sukulu. Chakudya chake n'chiyani? Kapu imodzi ya Likuni phala, ufa wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ana oterowo ndi amene timawalandira mu sitandade 1. Chinangwa chili ndi mphamvu koma zomanga thupi n'zochepa, ndipo usipa ukasowa panyanja, soya wa m'kapu ija ndiye amatsekapo.

Tsono za ulesi zija. Amayi amene amaphika phala amadzuka nthanda isanatuluke, kutunga madzi, kusenza nkhuni, kutakasa mphika wotalika kufika m'chiuno, utsi uli m'maso, osalandira ngakhale tambala imodzi. Akachoka pamenepo amalowera kumunda. Awa ndiwo aulesi? Ndipo amene akuwatchula choncho ndi ndani? Ndi omwe aja a misonkhano ya m'mahotela a m'mbali mwa nyanja: tiyi wa mkaka m'mawa, nkhuku masana, tiyi wina madzulo, kenako kusainira alawansi. Tiyi akachedwa theka la ola, msonkhano umaima, anthu a mathayi n'kuyamba kung'ung'udza kuti mutu sukugwira. Mutu wa bwana wa zaka 50 sugwira popanda sikono, koma wa mwana wa zaka 7 ugwire ndi madzi a pamjigo!

Ena amati ana amangobwerera phala, osati sukulu. Nanga vuto lili pati? Abwere. Wobwerera kapu amapeza mphunzitsi pomwepo, a e i o u n'kumulowa osadziwa. Wotsala kunyumba amakapirikitsa mbalame m'munda wa mpunga kapena kukoka chilimira kunyanja, ndipo mtsikana tikudziwa kumene amathera.

Bwanayo abwerenso mu Febuluwale. Galimoto aisiye pamsewu waukulu, asalawe kanthu m'mawa, akhale pansi ndi ana a sitandade 1 kufikira nthawi yoweruka. Akatero atiwerengere 7 kuchotsa 4.