Mapu akale sangatsogolere madzi ku Ngabu

Ngalande yaikulu ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikuyambira pa Kapichira kulowera ku Bangula mtunda wa makilomita 118, idzayendetsa madzi popanda mapampu. Madziwo azidzatsetsereka okha mpaka kukafika m'minda ya mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Dera la Ngabu lili m'gawo lachiwiri la ntchitoyi, lomwe Banki Yaikulu pa Dziko Lonse idavomereza kuthandiza mu 2022.

Madzi sakwera phiri. Choncho funso loti munda wa yani udzalandira madzi ndipo wa yani udzakhala wouma lagona pa kudziwa bwino kukwera ndi kutsika kwa nthaka.

Mapu a boma omwe akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri adajambulidwa kuchokera ku zithunzi za m'ndege, ambiri ndi thandizo la Directorate of Overseas Surveys ya ku Britain. Pa mapuwa pali mizere yokhotakhota yolumikiza malo okwera mofanana, ndipo pa ambiri mwa iwo mzere umodzi umasiyana ndi unzake ndi mafiti 50, omwe ndi pafupifupi mamita 15. Ku Mulanje kapena ku Thyolo mizereyi imathithikana, ndipo munthu amaliona phiri papepala. M'chigwa cha Shire imatalikirana kwambiri moti midzi, minda ndi zithaphwi zimatsalira pakati pa mizere iwiri ngati kuti ponsepo ndi pathyathyathya.

Masiku ano akatswiri amalowetsa mapu oterewa m'kompyuta. Kompyutayo imatsata mzere uliwonse, kuupatsa nambala ya kukwera kwake, kenako n'kuyerekeza msinkhu wa malo onse otsala pakati. Chotulukapo ndi chithunzi cha nthaka chomwe makina oyezera malo odziyendetsa okha, tindege topanda oyendetsa ndi mathirakitala osalaza minda angathe kuchiwerenga.

Chithunzicho chimaoneka chokongola ndi chodalirika, ndipo vuto lili pomwepo. Pakati pa mizere kompyuta siidayeze kanthu, imangoganizira. Khwawa lakuya mamita awiri lomwe wojambula wakale sadalilembe silingatulukire mwadzidzidzi chifukwa mapu alowa m'makina. Koma pa nthaka ya makande ya ku Ngabu, yomwe imachedwa kumwa madzi, kusiyana kwa masentimita ochepa chabe kumatha kusandutsa mbali imodzi ya munda kukhala dambo pomwe mbali ina ikung'aluka ndi dzuwa. Palinso nkhani yoti mapu akalewo adayezedwa pa muyezo wa Arc 1950, wosiyana ndi wa GPS, kotero wowaphatikiza mosasamala angasunthe mudzi wonse ndi mamita oposa 200.

Nthakayonso siikhala chimodzimodzi. Namondwe Ana mu January 2022 adagumula damu la Kapichira ndi kuononga malo omwe ngalandeyi imatengera madzi. Namondwe Freddy adatsatira mu March 2023. Mitsinje yochokera m'mapiri a kumadzulo, monga Nyakamba ndi Lalanje, imabwera ndi mchenga, kukwirira njira yake n'kutsegula ina. Ngakhale kuyeza kwa zaka zisanu zapitazo kungathe kunama m'mphepete mwa mitsinje yotereyi.

Zipangizo zoyezera mwatsopano zilipo, ndipo Amalawi odziwa kuzigwiritsa ntchito akuchuluka. Dziko lino lidatsegula malo oyeserera tindege topanda oyendetsa ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 UNICEF idakhazikitsa sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST. Kandege kotere kamajambula zithunzi zambirimbiri zomwe zimatha kuonetsa msinkhu wa nthaka mpaka pa masentimita, bola pansi pakhale zizindikiro zoyezedwa bwino. Pomwe pali nzimbe kapena tchire lowirira, kamera imayeza pamwamba pa masamba, ndipo pamafunika makina a LiDAR omwe kuwala kwake kumadutsa m'mipata kukafika pansi.

Nkhani yomwe ikufunika kukambidwa kwambiri ndi ya mwini wake wa zoyezazi. Ntchito yaikulu ngati iyi imayeza malo ake mosamala, koma zoyezedwa ndi ndalama za ngongole ndi thandizo siziyenera kuthera m'makompyuta a makontilakita. Ziyenera kusungidwa ku nthambi ya boma yoyeza malo, komwe khonsolo ya Chikwawa, nthambi ya DoDMA ndi ofesi ya zaulimi ya Shire Valley ADD, yomwe likulu lake lili pa Ngabu pomwepo, zingazipeze mosavuta. Chithunzi chomwe chimalozera njira ya ngalande ndi chomwechonso chingasonyeze pomwe madzi osefukira angadutse ndi pomwe sukulu siyenera kumangidwa.

Alimi omwe akuphatikiza minda yawo m'makopaletivi, potsatira lamulo la malo a makolo la 2016, nawonso ali ndi ufulu woona mapuwa asadasaine. Mlimi wa ku Ngabu amadziwa pomwe madzi amadikha mvula ikagwa, ndipo ngati kompyuta ikuti pamenepo ndi pokwera, malowo ayezedwenso thirakitala isadalowe.