MOTO SUDIKIRA GALIMOTO YA KU BLANTYRE

Abale ndi alongo a nthambi zonse za Neno,

Chilimwe chafikanso. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba udzu umakhala wouma gwa, mphepo imaomba, anyamata amatentha tchire posaka mbewa, ndipo ndi nyengo imeneyi pamene nyumba ndi nkhokwe zimapsa m'midzi yathu. Tikufuna nkhani iyi ikambidwe pa msonkhano wa nthambi iliyonse mwezi uno usanathe, pakuti munthu amene nkhokwe yake yapsa mu Okutobala sadzaonanso chimanga chake kufikira Epulo.

Boma lathu linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu oposa 138,000. Koma magalimoto ozimitsa moto ali ndi makhonsolo a mizinda, ndipo mzinda wa pafupi ndi ife ndiwo Blantyre. Ingakhale galimotoyo itanyamuka pomwe mwaitana, iyenera kuoloka Shire pa Zalewa ndi kukwera mapiri kunka kwa Dambe kapena ku Nsambe, pamene denga la udzu limatha m'mphindi zowerengeka. Ikafika idzapeza phulusa lokha. Chotero ozimitsa moto a m'mudzi mwanu ndinu nomwe.

Ena adzati, tizimitsa ndi chiyani popeza madzi tilibe? Funso limeneli ndi loona. Shire, Lisungwi ndi Wamkulumadzi ilipo, koma midzi yambiri ili kutali nayo, ndipo mjigo umadzaza ndowa ya malita 20 pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Amene ayamba kupopa mjigo moto utabuka wachedwa kale. Koma tidziwe kuti moto ufuna zinthu zitatu kuti uyake: chinthu chakupsa, mpweya ndi kutentha. Madzi amachotsa kutentha. Dothi ndi mchenga zimatseka mpweya. Khasu ndi ngowe zimachotsa chakupsacho. Mwa zitatuzi, ziwiri tili nazo pakhomo pathu popanda kulipira tambala.

Tsono tikupempha nthambi iliyonse kuti ichite izi.

Choyamba, lambulani mozungulira nyumba, nkhokwe ndi makola, ndipo mudzi wonse ulambule mkwasa pakati pa tchire ndi nyumba zakumapeto. Udzu wofolerera umene mwamweta musauunjike pafupi ndi khitchini. Pomanga nkhokwe yatsopano, italikirane ndi pophikira.

Chachiwiri, pakhomo lililonse pakhale ndowa ya mchenga ndi chigubu cha madzi chogona chodzaza usiku. Mafuta a petulo, amene ambiri akusunga m'nyumba chifukwa cha njinga zamoto, achoke m'chipinda chogona. Petulo, parafini kapena mafuta ophikira zikayaka musathire madzi, pakuti mafuta amayandama pamadzi ndipo moto umafalikira nawo. Thirani mchenga, ndipo ngati ndi poto vundikirani ndi chivundikiro.

Chachitatu, mudzi uliwonse usankhe amuna ndi akazi amphamvu amene adziwiretu ntchito yawo, ndipo pabwalo la amfumu papachikidwe chitsulo chimene chikalira aliyense adziwe kuti ndi moto. Ntchito yoyamba ndiyo kutulutsa anthu ndi kuwawerenga: ana, nkhalamba, odwala. M'nyumba yodzaza utsi munthu akwawe, chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi. Amene watuluka asabwererenso kukatenga bulangete kapena thumba la feteleza. Denga likagwira moto kwathunthu, musatayirepo madzi anu ochepawo. Yang'anani kumene mphepo ikulowera, nyowetsani madenga a kumeneko, ikani anthu okhala ndi masaka onyowa azime malasha ouluka, ndipo ngati moto wayandikira, gwetsani mpanda wa udzu ndi kukoka udzu wa denga loyandikana ndi ngowe. Mwini denga adzadandaula tsiku limenelo, koma kufolera denga limodzi n'kwapafupi kuposa kumanga mudzi.

Chachinayi tikulankhula ndi inu makolo. Musatsekere ana m'nyumba muli koloboyi, kandulo kapena mbaula yoyaka pamene mukupita ku maliro kapena ku mowa. Munthu wodwala khunyu asasiyidwe yekha pamoto, ndipo akagwerapo mukokeni msanga. Khunyu sipatsirana pomugwira munthu. Chikhulupiriro chakuti imapatsirana chalemaza anthu amene akadapulumuka.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira ndi oyera pabalapo kwa mphindi 20. Pamenepa ndi pamene madzi anu ochepa aja agwire ntchito. Musapakepo mazira, mankhwala otsukira mano, ndowe kapena dothi. Phimbani ndi nsalu yoyera ndipo thamangirani ku chipatala cha pafupi, kaya ku Lisungwi kaya ku Boma. Opsa kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 180,000 amafa ndi mabala amoto chaka chilichonse, ndipo ambiri a iwo ndi a m'maiko osauka ngati lathu.

Sitikunena kuti boma lilibe mbali yake. Nthumwi zathu zikaime pamaso pa makhansala ndi a Khonsolo ya Neno kupempha kuti mijigo yakufa ikonzedwe chilimwe chisanafike pachimake, ndi kuti misewu ndi milatho ya kumidzi ikhale yoti galimoto yonyamula wodwala n'kudutsa. Mafumu athu aakulu, a Dambe, a Mlauli, a Symon ndi a Chekucheku, tikuwapempha mwaulemu kuti pamodzi ndi nyakwawa zawo akhwimitse malamulo a m'midzi pa anthu otentha tchire mwachisawawa ndi osiya uvuni wa makala wopanda woyang'anira.

Alembi a nthambi abweretse ku msonkhano ukubwerawu maina a midzi imene yalambula, yapachika chitsulo ndi kusankha anthu ake. Nthambi imene idzabwere chimanjamanja idzafotokoze chifukwa chake pamaso pa anzake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Tengani makasu, abale, udzu wauma kale.