Ndani Adati Tsobola Wakale Sawawa?

Achinyamata anzathu, mkangano uja sukutha. M'nyumba zoonetsera mpira, kuyambira pa boma mpaka ku Mpondasi, funso ndi lomwelo: katswiri wa basketball woposa onse ndani, Michael Jordan kapena LeBron James? Kukangana kotere si tchimo. Chimene tikukana ife ndi mwano umene wabisala m'kati mwake, wakuti akale ankangoyeserera, ndipo akadasewera lero akadachita manyazi.

Tiyambe ndi manambala amene mumawakondawo. Mu 2023 LeBron adapitirira Kareem Abdul-Jabbar n'kukhala womwetsa mapointi ambiri m'mbiri ya NBA. Jordan adatenga chikho kasanu n'kamodzi ndi Chicago Bulls pakati pa 1991 ndi 1998. Nanga Bill Russell, amene adachitenga ka 11 ndi Boston Celtics kuyambira 1957 mpaka 1969, bwanji simumutchula? M'masiku ake kudalibe mzere wa mapointi atatu, poti mu NBA udabwera mu 1979. Kuyerekeza zigoli za nthawi ziwirizi kuli ngati kuseka msodzi wopalasa bwato ndi nkhafi chifukwa sadakoche ndi usipa wochuluka ngati wa boti la injini.

Pa matimu napo mpomwemo. Golden State Warriors idapambana masewera 73 mu 2015-16, kuposa 72 a Bulls ya 1995-96. Koma Bulls ija idatenga chikho, pamene Warriors idalandidwa ndi Cleveland ya LeBron yemweyo. Tsono yaikulu ndi iti? Manambala paokha sagamula mlandu.

Chotiwawa n'chakuti mwano womwewu tabwera nawo kwathu kuno, pa mpira wa ntchemberembaye. Timamva ena akunena kuti Mary Waya sangafike pa Mwawi Kumwenda. Mwawi tonse timamunyadira: adasankhidwa wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, ndipo mu 2020 adatenga chikho cha ku Australia ndi Melbourne Vixens. Koma kodi njira ya ku Australia adalambula ndani? Mary Waya adali kale pa mpikisano wa dziko lonse ku Birmingham mu 1995, Mwawi ali kamwana ku Mzimba. Mu 2007 ku Auckland, Malawi Queens ya Waya idathera pa nambala 5, ndipo m'mipikisano ya 2011, 2015, 2019 ndi 2023 sitidafikeponso pamenepo. Tsobola wosawawa ndi ameneyu?

Ndipo awiriwa si adani ayi. Mu 2010 adavala yunifomu imodzi pa masewera a Commonwealth ku Delhi, wina akutsanzika, wina akungoyamba kumene. Mpira udachoka m'manja mwa mkulu kupita m'manja mwa wamng'ono. Ndife oonerera amene tikuwayambanitsa.

Wina anena kuti osewera a lero ngothamanga ndi amphamvu kuposa akale. Tikuvomera. Amadya mwadongosolo, ali ndi madokotala, amaphunzira pa kanema chilichonse chimene mdani amachita. Koma luso limene akuliwongolalo adalipeza litaumbidwa kale ndi anthu amene adalibe zonsezi. Wosewera timuyeze ndi anzake a nthawi yake, pa bwalo la nthawi yake, ndi malamulo a nthawi yake.

Nkhaniyi si ya masewera okha. Mnyamata amene wazolowera kunyoza Russell ndi Waya sachedwa kunyoza agogo ake, ndipo mtsikana wosewera pa bwalo lafumbi akamva mwanowu amayesa kuti popanda nsapato zodula palibe chimene angachite.

Choncho tikupempha: kanganani, koma mwaulemu ndi modziwa mbiri. Sabata ino, aliyense afunse mayi kapena azakhali ake za timu imene ankasewera kusukulu, ndani ankamwetsa zigoli, ndipo ankagonjetsa sukulu ziti. Mayina amenewo tiwalembe asadaiwalike.