Dotolo ali pafoni, koma foniyo ili m'manja mwa yani?

Mapulogalamu a zaumoyo a pafoni za m'manja akuchulukirachulukira. Ena amakumbutsa wodwala nthawi yomwera mankhwala, ena amawerengera mayi woyembekezera masiku, ena amalumikiza munthu ndi namwino asanawononge ndalama ya minibasi. Komabe amene akuwagwiritsa ntchito kawirikawiri si amene akuwasowa kwambiri, ndipo chifukwa chake chagona pa munthuyo: mwini foni ndani, adaphunzira mpaka pati, ali ndi zaka zingati, m'thumba muli zingati.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi, ndipo mabanja okhala ndi foni adangopitirira pang'ono theka. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imayenda ndi bambo. Mayi wofuna kufunsa za kulera, kapena mtsikana wofuna uphungu pa za HIV, sangalole kuti yankho lifikire pafoni yobwereka. Amasankha kukhala chete.

Maphunziro ndi msinkhu nazo zimasefa anthu. Mapulogalamu ambiri otsitsa pa intaneti ali m'Chingerezi, ndipo amafuna foni yamakono, bandulo ndi moto wokhalitsa. Wachinyamata wa m'tauni zimenezi sizimuvuta. Koma agogo odwala shuga kapena BP, amene akufunika kukumbutsidwa mankhwala tsiku lililonse, ndiwo amalephera kuona tizilembo tating'ono, ndipo amakhulupirira kwambiri mawu a mlangizi wa zaumoyo amene amamudziwa nkhope.

Apa ndi pamene Chipatala Cha Pa Foni chikupereka phunziro. Ntchitoyi idayamba ku Balaka mu 2011 pansi pa bungwe la VillageReach, poyamba pothandiza amayi oyembekezera ndi ana, kenako idafalikira dziko lonse nkulowa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba mwaulere, ngakhale ndi kafoni ka mabatani, nkulankhula ndi wachipatala m'chilankhulo chake. Vuto la kuwerenga ndi la bandulo limathera pomwepo, ngakhale kuti la foni yobwereka limatsalabe.

Amene akupanga mapulogalamuwa, kuphatikizapo owathandiza ndi ndalama, asamangowerenga chiwerengero cha otsitsa. Afunse kuti mwa otsitsawo amayi ndi angati, okalamba ndi angati, akumudzi ndi angati. Akapanda kutero, thandizo lipitirira kufikira anthu amene ali kale pafupi ndi chipatala.