Ojambula za pansi pa nyanja

Masiku ano kuli amisiri ojambula zithunzi popanda utoto kapena pepala. Zida zao ndi kompyuta ndi kacolembera koyendetsa pagalasi. Ena mwa iwo akonda kujambula maiko a m'nthano a pansi pa nyanja: midzi yomira, nsomba zazikulu ngati nkhokwe, ndi anthu a micira ya nsomba.

Mmisiri ayamba ndi mizere cabe. Pambuyo pace aika zinthu m'zigawo zosanjikana, madzi paokha, miyala payokha, nsomba pazokha. Pulogalamu ya Photoshop, imene inatuluka mu 1990, inalandira njira imeneyi mu 1994. Motero nsomba ikakhala pamalo posayenera, iye aisuntha osaononga madzi.

Ngakhale cithunzico ncanthano, ciyenera kumvera malamulo a cilengedwe. Madzi amameza msanga kuwala kofiira, koma kwa mtundu wa thambo kumafika pansi kwambiri. Akajambula mwala wakutali wofiira ngati moto, diso la woona likana. Cifukwa cace abwerera, nazimiririka zakutali, nakonza mithunzi, kawiri katatu, kufikira madziwo aoneka akuya. Kompyuta ipeputsa kufafaniza, koma kuona polakwika ndi nchito ya mmisiri mwini.

Makolo, mwana akamajambula nsomba pa cipupa ndi khala, musafulumire kumkalipira. Mpatseni pepala, mumtume akapenyetsetse nsomba yeniyeni kumtsinje, abwere adzakonze cithunzi cace. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.