Ndalama Yolambalala Thumba la Boma Imasanduka Chipolopolo

Anthu ambiri akamva za nkhondo imene inasakaza maiko a Liberia ndi Sierra Leone, kumadzulo kwa Africa, maganizo awo amathamangira ku miyala ya dayamondi. Nzoona kuti miyalayo inagula mfuti zambiri. Koma ife tikufuna kukumbutsa awerengi athu, makamaka ogwira ntchito m'Boma ndi aphunzitsi, kuti panali mitsinje ina iwiri ya ndalama imene inkathirira nkhondoyo mwakachetechete, ndiyo malonda a mitengo ya matabwa ndiponso ndalama zolembetsera zombo zapanyanja. Malonda awiri onsewa ngololedwa ndi malamulo, ndipo ngozi yake inagona pamenepo. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhondo ya ku Liberia inabuka pa 24 December, 1989, pamene Charles Taylor ndi gulu lake loukira boma la NPFL analowa m'chigawo cha Nimba kuchokera ku Côte d'Ivoire. Pasanathe chaka gululi linali litalanda mbali yaikulu ya dzikolo pamodzi ndi doko la Buchanan, ndipo pambuyo pake Taylor anakhazika likulu lake ku Gbarnga. Tsono gulu lankhondo limafuna chakudya, mafuta a galimoto ndi zipolopolo tsiku ndi tsiku, ndipo wogulitsa zida salandira malonjezo, amafuna ndalama padzanja. Taylor anapeza ndalamazo pogulitsa mitengo, mphira ndi miyala ya chitsulo kwa amalonda akunja, amene ankamulipira ngati kuti iyeyo ndiye boma. Mu 1997 anapambana pa chisankho nakhala mtsogoleri wa dzikolo, koma chizolowezi chotenga chuma cha dziko ngati chakechake sanachisiye kutchire. Mu 2000 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa mtsogoleri yekhayo mphamvu zopangana ndi makampani pa za chuma chachilengedwe monga nkhalango ndi migodi.

Kampani imene inatchuka koposa pa ntchito yodula mitengo inali Oriental Timber Company. Inayamba ntchito mu 1999, ndipo mmodzi mwa akuluakulu ake anali Guus Kouwenhoven wa ku Netherlands. Kampaniyi inapatsidwa nkhalango yoposa mahekitala 1 miliyoni, nipatsidwanso mphamvu pa doko la Buchanan. Apa mpofunika kuti tione bwino mmene mtengo umasandukira mfuti, popeza njira zake zinali zingapo. Misewu imene makampani ankalambula m'nkhalango yotulutsira zipika ndi yomweyo imene galimoto zonyamula asilikali ndi zida zinkadutsamo. Doko limene zipikazo zinkakwezedwera m'zombo ndi lomwelo limene zida zinkatsitsidwira. Makampani ena anali ndi magulu awoawo a alonda onyamula mfuti, amene pa nthawi ya nkhondo ankamenya nawo kumbali ya boma. Koma njira yoopsa kuposa zonsezi inali ya msonkho. M'malo mokapereka ndalama ku thumba la Boma, makampani ankauzidwa kuti azitumize kumene mtsogoleri waloza, ndipo zimenezo zinkawerengedwa kuti alipira msonkho. Mu October, 2001, akatswiri ofufuza a bungwe la United Nations anaulula kuti kampani ina ya ku Singapore, yogwirizana ndi Oriental Timber Company, inatumiza madola 500,000 a ku America kwa San Air, kampani imene inkanyamula zida pandege.

Nkhani ya zombo njodabwitsa koposa, ndipo tiyenera kuifotokoza bwino chifukwa ambiri a ife tinakulira kutali ndi nyanja zamchere. Chombo chilichonse choyenda pakati pa maiko chiyenera kulembedwa m'kaundula wa dziko linalake ndi kukweza mbendera ya dzikolo. Mu 1948 Liberia inatsegula kaundula wake kwa eni zombo a mtundu uliwonse, potsatira nzeru ya Edward Stettinius, yemwe kale anali nduna yoona za maiko akunja ku America. Eni zombo anakhamukirako chifukwa msonkho wake unali wochepa, komanso ankaloledwa kulemba ntchito amalinyero ochokera m'dziko lililonse. Kaundulayu ankayendetsedwa ndi kampani ya ku America, ndipo zambiri mwa zombozo sizinakochezeko nkomwe ku Monrovia. Nchifukwa chake nkhondo sinathe kuumitsa mtsinje umenewu. Minda inagonera, sukulu zinatsekedwa, amalonda anathawa, koma ndalama za zombo zinkabwerabe, madola pafupifupi 18 miliyoni pa chaka m'nthawi ya ulamuliro wa Taylor. Kwa boma losauka limene maiko ambiri anali atasiya kulithandiza, ndalama zimenezi zinali zochuluka zedi.

Kuyambira m'chaka cha 2000 ntchito yoyendetsa kaundulayu inaperekedwa kwa kampani yatsopano yotchedwa LISCR, ya ku Virginia m'dziko la America. Akatswiri a United Nations aja anapeza kuti m'chaka chomwecho, molamulidwa ndi akuluakulu oona za zombo ku Monrovia, kampaniyi inatumiza ndalama ku maakaunti amene sanali a Boma. Kawiri konse ndalamazo, zokwana madola 925,000, zinapita ku akaunti ya San Air ku Sharjah, ndipo akatswiriwo anati zinali zolipirira zida ndi kayendedwe kake. Kampaniyo itakana kupitiriza mchitidwewu, akuluakulu a ku Monrovia anapeza njira ina yotumizira ndalama kudzera ku banki ya mumzindamo. Awerengi aone kuti ndalama ya mitengo ndi ndalama ya zombo zinakakumana pa khomo limodzi.

Chimene chikutikhudza kwambiri m'nkhaniyi nchakuti pafupifupi aliyense amene ndalamazi zinadutsa m'manja mwake anali ndi mapepala ooneka abwino. Mwini chombo ku Ulaya analipira ndalama imene lamulo linamuuza kuti alipire. Wogula zipika ku France kapena ku China, maiko amene ankagula mitengo yambiri ya ku Liberia, analandira katundu wokhala ndi ziphaso zodindidwa ndi boma lovomerezeka. Kalaliki wa ku banki anatumiza ndalama monga mwa ntchito yake. Palibe mmodzi wa iwowa amene anagwira mfuti, komabe kumapeto kwa mzere umenewu kunali ana aang'ono ophunzitsidwa kupha, ndi anthu a ku Sierra Leone odulidwa manja ndi zigawenga za RUF zimene Taylor ankazithandiza. Pakati pa 1989 ndi 2003, anthu pafupifupi 250,000 anafa ku Liberia, malinga ndi chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri.

Maiko a dziko lapansi anachedwa kuzindikira gwero la ndalamazi. Nthambi ya zachitetezo ya United Nations inaletsa kugulitsa zida ku Liberia mu 1992, koma wokhala ndi ndalama sasowa womugulitsa mfuti. Mu March, 2001, nthambiyi inaletsa malonda a dayamondi yochokera ku Liberia, koma mitengo inasiyidwa, ndipo France ndi China anali m'gulu la maiko amene sanafune kuti iletsedwe. Motero khomo lina litatsekedwa, la mitengo linatsala chitsegukire. Mu May, 2002, nthambiyi inalamula boma la Liberia kuti likhazikitse njira yoonekera poyera yoyendera mabuku a ndalama za zombo ndi za mitengo. Kenaka mu May, 2003, inagamula kuti mitengo ya ku Liberia isagulidwenso, ndipo chiletsocho chinayamba kugwira ntchito pa 7 July. Pa 11 August chaka chomwecho Taylor anatula pansi udindo nathawira ku Nigeria. Sitikunena kuti chiletso chokhacho ndicho chinamugwetsa, popeza magulu oukira boma a LURD ndi MODEL anali atamupanikiza kale, ndipo bwalo lapadera la milandu ya ku Sierra Leone linali litamutsegulira mlandu. Koma nzodziwikiratu kuti mtsogoleri wopanda ndalama sangasunge gulu lankhondo nthawi yaitali.

Alipo ena amene amati chiletso chotere chimalanga osalakwa, ndipo mawu awo sitingawataye. Mitengo italetsedwa, ocheka matabwa, oyendetsa galimoto ndi onyamula katundu padoko anachotsedwa ntchito, ndipo mabanja awo anavutika. Kaundula wa zombo sanaletsedwe, ndipo kumuletsa kukadasokoneza malonda a maiko ambiri amene sanalakwe kanthu. Ife tikuona kuti chiletso ndi mankhwala owawa operekedwa matenda atakula kale. Mankhwala enieni akadayenera kuperekedwa pa tsiku loyamba limene ndalama ya Boma inalamulidwa kupita ku akaunti ya munthu wamba. Madzi akatayika saoleka.

Zimene zinachitika nkhondo itatha zikutsimikiza maganizo athuwa. Komiti imene inafufuza mapangano onse odulira mitengo inapeza mu 2005 kuti mwa makampani 70 panalibe ngakhale imodzi yokwaniritsa zonse zimene malamulo ankafuna, ndiponso kuti msonkho wosalipidwa unakwana madola 64 miliyoni. Mayi Ellen Johnson Sirleaf atalowa m'boma mu January, 2006, lamulo lawo loyamba, mu February, linali lothetsa mapangano onsewo. Mu June chaka chomwecho United Nations inachotsa chiletso cha mitengo, ndipo Liberia inakhazikitsa lamulo latsopano la nkhalango. Kwa zaka zingapo, akatswiri ochokera kunja ankasaina pamodzi ndi akuluakulu a m'dzikomo ndalama zisanatuluke m'nthambi monga ya zankhalango ndi ya madoko. Zinali zochititsa manyazi kwa dziko lodziimira palokha, koma ndiwo mtengo umene dziko limalipira likalekerera mabuku ake. Ngakhale zinali choncho, mu 2012 kunaululikanso chinyengo pa ziphaso zodulira mitengo m'malo a anthu wamba, ndipo boma linaimitsa ziphasozo. Izi zikusonyeza kuti ntchito yolondera chuma cha dziko ilibe tsiku lopumula.

Mabwalo a milandu nawo anachita mbali yawo, ngakhale mochedwa. Mu 2012 Taylor anapezeka wolakwa pa milandu yothandiza zigawenga za ku Sierra Leone, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 50. Mu April, 2017, patapita zaka zoposa khumi mlandu ukuyendayenda, bwalo la apilo ku Netherlands linagamula kuti Kouwenhoven akhale m'ndende zaka 19 chifukwa chozembetsa zida ndi kuthandizira milandu ya pankhondo. Chigamulochi chinaphunzitsa amalonda kuti wovala suti muofesi angathe kuyankha mlandu wa magazi okhetsedwa kutchire. Ndipo kaundula wa zombo uja, amene ndalama zake zinagulapo zida, anakula mpaka mu 2023 anaposa wa ku Panama pa kukula kwa zombo zolembedwamo. Choncho cholakwika sichinali mtengo kapena chombo, koma njira imene ndalama zake zinkadzera.

Tikupempha tsono ogwira ntchito m'Boma, kuyambira kalaliki wodula malisiti mpaka mlembi wamkulu wa unduna, kuti aiganizire mofatsa nkhaniyi. Malamulo onena kuti ndalama iliyonse ya Boma ilowe m'thumba limodzi, kuti isatuluke popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, ndiponso kuti mabuku aziyenderedwa ndi munthu wosaopa aliyense, kawirikawiri amaoneka ngati ongochedwetsa ntchito. Ku Liberia malamulo otere atanyozedwa, ndalama za sukulu ndi zipatala zinagula zipolopolo zophera eni ake omwe. Wogwira ntchito amene wauzidwa ndi wamkulu wake kuti atumize ndalama ya Boma kumalo kosadziwika ayenera kupempha kuti lamulolo lilembedwe papepala ndi kusainidwa, ndipo ngati likusemphana ndi malamulo a dziko, akane. Kukana kotero ndiko kukhulupirika kwenikweni ku dziko, ndipo kumateteza ngakhale wamkuluyo.

Aphunzitsi nawonso ali ndi udindo waukulu. Pophunzitsa mbiri ya Africa, asamangotchula maina a atsogoleri ndi masiku a nkhondo ayi, koma azizoloweza ana kufunsa kuti kodi mfutizo anagula ndani, nanga ndalama zake zinachokera kuti. Pophunzitsa za nkhalango, asalekere pa kukokoloka kwa nthaka, koma afotokozenso kuti chipika chilichonse chotuluka m'dziko chili ndi msonkho wake umene uyenera kulembedwa ndi kufika kumene lamulo linanena. Ana ophunzitsidwa motero ndiwo adzakhale akalaliki, oyendera mabuku ndi aphungu ovuta kuwanamiza.

Liberia ili kutali, ndipo sitikunena kuti dziko lililonse lokhala ndi nkhalango kapena doko lidzagwa m'nkhondo. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyeni tonse, aliyense pa ntchito yake, tionetsetse kuti ndalama ya Boma ikulowa pakhomo loyenera, ikulembedwa m'buku loyenera, ndipo ikugwira ntchito imene eni dziko anavomereza.